Amwandionerapati: eni mapiri amene adasanduka nthano

M'midzi ya m'mphepete mwa Likangala, kuyambira m'tsinde mwa phiri la Zomba mpaka kumene mtsinjewu umathira m'nyanja ya Chilwa, agogo ankapereka chenjezo lomwe limamvekanso ku Mulanje, ku Dedza ndi ku Mzimba. Ukapita kunkhuni kuphiri n'kukumana ndi kamunthu kakafupi, uta uli m'manja, kadzakufunsa kuti wakaonera pati. Usayerekeze kunena kuti pomwe pano. Uloze kutsidya, unene kuti unayamba kukaona uli kutali, poti ndi munthu wamtali zedi. Kakamva choncho kadzakondwa n'kukusiya upite. Ukanena zoona, muvi wopaka ulembe ukupeza.

Amenewa ndiwo Amwandionerapati, amene ena amati Akafula, ena Abatwa. Tisawasokoneze ndi ndondocha, zomwe anthu amati amaweta ndi okhwima ofuna chuma. Si anzakenso a Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe anthu a ku Zomba adati ndicho chidadutsa mu Disembala 1946, pamene madzi ndi miyala zidatsika n'kukokolola milatho ndi nyumba m'tauni. Napolo adapeza mlembi wake, malemu Steve Chimombo wa ku Chancellor College, ndipo dzenje la Chingwe pamwamba pa phiri lidalowa m'ndakatulo za Jack Mapanje. Timunthu ta mauta tija tidangotsalira pakamwa pa nkhalamba.

Ku Mulanje nkhani yawo idalowerera m'nkhani za mizimu. Kumeneko amati ukapeza chakudya chokonzakonza m'nkhalango za kuphiri, udye wekha mwakachetechete, osaitana mnzako, osatengako kupita nacho kumudzi. Ambiri amati eni chakudyacho ndi mizimu ya anthu akalewo.

Azungu nawonso ali ndi timunthu tawo, tomwe amati fairies. Iwalani tija ta mapiko ndi timadiresi tonyezimira ta m'makatuni a ana, poti timeneto n'tadzana. Ku Ireland ndi ku Scotland alimi akale ankatiopa kwabasi. Ankati timakhala m'kati mwa zitunda, timaba makanda n'kusiya tawo, ndipo munthu akadya chakudya chake sabwererako. Potitchula ankati "anthu abwino", kuopa kutikwiyitsa, nzeru yomweyo ya kunyengerera wokufunsa kuti wamuonera pati. Mlimi akatola kansonga ka muvi kosemedwa ndi mwala m'munda mwake, ankati timunthuto ndito talasa ng'ombe yake. M'busa wina wa ku Aberfoyle, Robert Kirk, adalemba buku lathunthu la moyo wa timunthuti cha m'ma 1691, ndipo adalemba ngati munthu wokhulupirira.

Patapita zaka 200, David MacRitchie wa ku Scotland adabwera ndi ganizo lakuti fairies adali anthu enieni, mtundu wa anthu aafupi umene udathawira m'mapanga pamene kudafika mitundu yamphamvu. Ganizolo lidatchuka kwa kanthawi, koma nthaka ya kwawoko siidatulutse mafupa a mtundu wotere, ndipo akatswiri adalisiya.

Kwathu kuno zidayenda mosiyana: ofukula atakumba, adawapezadi anthuwo. Mu 1950 J. Desmond Clark adafukula mafupa m'phanga la phiri la Hora ku Mzimba. Ena adapezeka ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza. Pambuyo pake Amalawi, monga Gadi Mgomezulu ndi Yusuf Juwayeyi, adapitiriza ntchitoyi. M'mapangamo mumatuluka timiyala takuthwa tochepa ngati chikhadabo tomwe ankaika kumivi, mikanda ya zigoba za nkhono, ndi mafupa a nyama zomwe ankadya. Adali alenje ndi otola zipatso, osalima, osasula chitsulo. Alimi odziwa chitsulo ndi kuumba mbiya, monga amene mapale awo adapezeka ku Nkope ku Mangochi, adafika zaka pafupifupi 1,700 zapitazo, ndipo magulu awiriwa adakhala moyandikana kwa mibadwo yambirimbiri.

Apa ndi pamene nthano ija imandikayikitsa. Imatiuza kuti iwo adali amkwiyo, okonda kulasa, ochita manyazi ndi msinkhu wawo. Koma wosimba ndani? Ndi mdzukulu wa uja adabwera ndi nkhwangwa n'kugwetsa nkhalango yomwe mnzake ankasakamo. Mlenje akaona mlendo m'dera lake, kufunsa kuti wamuonera pati kungakhale kufuna kudziwa ngati mlendoyo waona kumene kuli phanga, akazi ndi ana. Zoti ankadandaula ndi ufupi mwina tidawonjezera ndife, kuti tiziseka anthu omwe tinkawaopa.

Mu 2017 asayansi adafalitsa zomwe adapeza atayeza DNA ya mafupa a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, ena a zaka zoposa 8,000. Anthuwo adali pachibale ndi Asan a kumwera kwa Africa komanso Ahadza a ku Tanzania. Atayerekeza ndi Achewa, Ayao, Angoni ndi Atumbuka a lero omwe adawayeza, magazi a alenje ajawo sadaonekemo kwenikweni. Tidatenga dziko lawo ndi nkhani zawo, koma ukwati pakati pathu udali wosowa.

Wofuna kuona ntchito ya manja awo akwere basi ya ku Dedza. Ku Chongoni, komwe UNESCO idakuika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, kuli malo 127 a zojambula pamiyala. Zofiira, za mizere ndi timikombero, ndi za Akafula. Zoyera, zokhudza chinamwali ndi Gule Wamkulu, ndi za Achewa, ndipo m'mapanga ena zidapakidwa pamwamba pa zofiira zija.