Mtovu wa ku Kabwe ndi mafunso a ku Manda Hill

M'chaka cha 1902, mzungu wina wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pa timapiri tina m'dziko la Alenje. Malowo anawatcha Broken Hill potengera mgodi wa dzina lomweli wa ku Australia. Pofika 1906 njanji yochokera kummwera inali itafika, ndipo tauni inayamba kumera mozungulira mgodi ndi siteshoni. Nthawi imeneyo dziko lomwe lero ndi Zambia linkalamulidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Kampaniyo inkatolera msonkho, inkaweruza milandu, inkagawa malo, ndiponso inkati miyala yonse ya pansi pa nthaka ndi yake chifukwa cha zikalata zomwe inasainirana ndi mafumu, makamaka Lewanika wa ku Barotseland. Kunalibe bwalo lililonse m'dzikomo kumene munthu akanaimirira n'kufunsa kampaniyo kuti ikuyendetsa bwanji zinthu. Eni masheya ake anali ku London, ndipo ndiwo ankalandira malipoti.

Bwalo loyamba lopanga malamulo linabwera mu 1924, boma la Britain litalanda ulamuliro m'manja mwa kampani. Linkakumana ku Livingstone, ndipo wapampando wake anali bwanamkubwa mwiniwake, Herbert Stanley. Ambiri mwa okhalamo anali akuluakulu a boma omwewo, oonjezerapo azungu ochepa oimira anzawo a m'mafamu, m'migodi ndi kunjanji. Nduna kunalibe, oyankha mafunso anali mlembi wamkulu wa boma, mkulu wa zachuma ndi anzawo. Komabe mwambo wa ku Westminster, ku nyumba ya malamulo ya Britain, unalowa nthawi yomweyo: membala ankalemba funso, kulipereka nthawi isanakwane, ndipo wa boma ankayenera kuimirira n'kuyankha pamaso pa onse, mawu ake n'kulembedwa m'buku la zokambirana lotchedwa Hansard. Munthu wakuda analibe mpando m'bwalo limeneli. Anayamba kulowamo mu 1948, pamene Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango anakhala mamembala, likulu litasamukira kale ku Lusaka.

Amene anasonyeza dziko lino koyamba kuti phungu wouma mutu angathe kusuntha boma anachokera ku Broken Hill komweku. Roy Welensky anali woyendetsa sitima ya pamtunda ndi mtsogoleri wa bungwe la azungu ogwira ntchito kunjanji. Anasankhidwa kuimira Broken Hill mu 1938. Nkhani imene anaigwira osaitaya inali ya ndalama za miyala. Ngakhale kampani ya Rhodes inasiya kulamulira mu 1924, inapitirizabe kulandira gawo pa mkuwa, mtovu ndi zinki zonse zokumbidwa m'dzikomo, osakumba kanthu yokha. Welensky anafunsa, anabweretsa nkhaniyi m'bwalo mobwerezabwereza, ndipo pamapeto pake anaopseza kuti mamembala aika msonkho wowawa pa ndalamazo. Boma la ku London linakakamizika kuitanitsa zokambirana mu 1949. Pangano lomwe linatuluka linati kampaniyo izipereka 20 peresenti ya ndalama zake za miyala ku boma la Northern Rhodesia, ndipo idzasiye umwini wonse mu 1986. Kaunda, mtsogoleri womenyera ufulu, ndi anzake sanadikire chaka chimenecho: usiku woti mawa lake ndi ufulu, mu Okutobala 1964, kampaniyo inavomera kusiya zonse polandira mapaundi 4 miliyoni, theka kuchokera ku Britain, theka ku Zambia.

Tisamuyamike Welensky mopitirira. Ndi munthu yemweyu amene analimbikira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nakhala nduna yaikulu yake kuyambira 1956 mpaka 1963, akukana kuti anthu akuda alamulire dziko lawo. Ankamenyera anthu amene ankamuvotera, ndipo ovota anali azungu. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndalama za miyala zinkawawa m'mimba mwa ovota ake, choncho chitseko chinatsekulidwa. Utsi wa ng'anjo yosungunulira mtovu unkauluzikira kwambiri ku makomboni a antchito akuda, monga Kasanda, ndipo amayi a kumeneko analibe voti yoti angaopseze nayo phungu aliyense.

Broken Hill, yomwe lero ndi Kabwe, ili ndi malo akenso m'mbiri ya ufulu. Kumpoto kwa tauniyi kuli thanthwe la Mulungushi, kumene UNIP, chipani cha Kaunda, chinkachitira misonkhano yake ikuluikulu. Msonkhano wa mu 1961 ndiwo unatsogolera ku zionetsero zomenyera ufulu zotchedwa Cha Cha Cha. Ufulu utabwera, dziko linakhala ndi Nyumba ya Malamulo yeniyeni, ya aphungu osankhidwa ndi anthu onse, ndi nduna zochokera pakati pa aphungu omwewo. Nyumba yatsopano inamangidwa pa Manda Hill ku Lusaka, ndipo dzina la Broken Hill linachotsedwa, tauni n'kukhala Kabwe. Koma mfundo zazikulu za dziko sizinkabadwira ku Manda Hill kokha. Mu Epulo 1968, pa Mulungushi pomwepo, Kaunda analengeza kuti boma litenga 51 peresenti m'makampani angapo akuluakulu. Mu Ogasiti 1969, ku Matero, analengeza zomwezo za migodi. Aphungu ankalandira zinthu zitapsa kale, ntchito yawo n'kuzisandutsa malamulo.

Kusintha kumeneku kunakhudza mgodi wa Kabwe mwachindunji. Kuyambira 1925 kampani ya Anglo American inali ndi dzanja pa mgodiwu, mpaka 1974. Boma litalowamo, mgodi unaphatikizidwa ku kampani ya NCCM, ndipo mu 1982 unakhala gawo la kampani ya boma ya ZCCM. Tsopano mwini mgodi anali boma, woyang'anira ngati mgodi ukuwononga anthu analinso boma, ndipo nduna yoti iyankhe m'Nyumba inali ya boma lomwelo. Izi zinachitika pa nthawi imene madokotala anali atayamba kale kulankhula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dokotala wina, A. R. L. Clark, anayeza magazi a ana a pafupi ndi mgodi, napeza mtovu wochuluka moopsa, ndipo zomwe anapeza zinasindikizidwa. Mtovu sulengeza kuti walowa m'thupi. Mwana amaumeza ndi fumbi posewera pabwalo kapena poika zala m'kamwa, ndipo umakaononga ubongo umene ukukula: mwana amavutika kugwira za kusukulu, amachepa magazi, amadwala m'mimba, ndipo ukachuluka kwambiri amakomoka kapena kumwalira.

Mu Disembala 1972 Zambia inakhala dziko la chipani chimodzi. Pansi pa dongosolo limeneli Komiti Yaikulu ya UNIP inali pamwamba pa nduna, ndipo inali ndi mphamvu yoletsa munthu kuima pa chisankho. Si zoona kuti Nyumba inafa. Robinson Nabulyato, amene anakhala Sipikala kuyambira 1969 mpaka 1988, ankateteza ufulu wa aphungu wolankhula, ndipo aphungu a m'mipando ya kumbuyo ankadzudzula nduna pa za mitengo ya ufa, kusowa kwa katundu m'masitolo ndi kusakaza kwa makampani a boma. Koma phungu aliyense ankadziwa kuti akapyola malire dzina lake silidzaoneka pa pepala lovotera. Ndiponso mgodi unali mphika wa tauni yonse. Phungu wa ku Kabwe amene akanati ng'anjo itsekedwe kufikira utsi utakonzedwa akanakhala akulimbana ndi chipani, ndi boma, ndiponso ndi mabanja a ovota ake omwe ankadyera pamgodipo.

Zipani zambiri zinabwerera mu 1991, ndipo patangopita zaka zitatu, mu 1994, mgodi unatsekedwa. Antchito anachotsedwa, tauni inazizira, koma zinyalala za mgodi zinatsala: mulu waukulu wa matani mamiliyoni angapo umene anthu amautcha Black Mountain, ndi ngalande yomwe inkanyamula madzi oipa kudutsa m'makomboni. Lamulo loteteza chilengedwe linalipo kuyambira 1990, koma mgodi unasiyidwa osakonzedwa. Anyamata opanda ntchito anayamba kukumba pamulupo kufunafuna zotsalira zoti agulitse, ndipo mphepo ya m'chilimwe inapitiriza kumwaza fumbi ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe Wansofu.

Ku Manda Hill, zida zofunsira nduna zinali kukula. Kuyambira 1999 makomiti a Nyumba anakonzedwanso kuti unduna uliwonse ukhale ndi komiti yoyang'anira ntchito zake. Komiti imaitana mlembi wamkulu wa unduna, akatswiri ndi mabungwe, imayendera malo, n'kupereka lipoti ku Nyumba, ndipo boma limayenera kubweza yankho lolemba lonena zomwe lachita pa mfundo iliyonse. Pali komiti yoona za chuma cha boma, imene mwa mwambo amaitsogolera ndi phungu wotsutsa, ndipo imatsatira malipoti a mkulu wofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma. Pali komiti ina imene ntchito yake ndi kulondola malonjezo onse amene nduna zalankhula m'Nyumba. Lachisanu wachiwiri kwa pulezidenti amayankha mafunso osauzidwa pasadakhale, ndipo anthu amamvetsera pa wailesi. Sipikala angathe kulamula nduna kuti ibwere idzafotokoze nkhani yomwe yavuta m'dziko. Malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2016, aphungu anapatsidwanso njira yodzudzulira nduna mwalamulo: pamafunika gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu kuti nkhani iyambe, ndi magawo awiri mwa atatu kuti idutse.

Zida zimenezi n'zenizeni, ndipo wozipeputsa sanaonepo mlembi wamkulu wa unduna akutuluka thukuta pamaso pa komiti. Koma zili ndi pofooka pake. Nduna zimachokera m'mipando ya aphungu, choncho phungu wa chipani cholamula akamafunsa, akufunsa mnzake, ndipo mwina akuyembekeza kuti tsiku lina pulezidenti adzamukumbukira nayenso. Magawo awiri mwa atatu sangapezeke chipani cholamula chisanavomere. Lipoti la komiti limalangiza, silikakamiza. Ndipo nkhani ngati ya mtovu ilibe nduna imodzi: wa zamigodi amati za matenda n'za wa zaumoyo, wa zaumoyo amati gwero lake n'la wa zachilengedwe, wa zachilengedwe amati ziphaso amapereka ndi wa zamigodi, ndipo onse amaloza kwa wa zachuma.

N'chifukwa chake phokoso lalikulu la Kabwe lakhala likuchokera kunja kwa Nyumba. Cha m'ma 2006 ndi 2007 bungwe la ku New York la Blacksmith Institute linaika Kabwe pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa kwambiri padziko lonse. Akatswiri a pa University of Zambia ndi anzawo a ku Hokkaido ku Japan anayeza ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2015, zinasonyeza kuti mwana aliyense anali ndi mtovu wopyola mlingo umene madokotala amayamba kudera nkhawa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati palibe mlingo wa mtovu umene ndi wabwino m'magazi a mwana. Mu Disembala 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera madera oonongeka ndi migodi, Kabwe ali momwemo. Ndi ndalamazo ana ambiri anayezedwa ndi kulandira mankhwala, ndipo mabwalo ena a nyumba ndi a masukulu anakonzedwa. Koma mulu wa zinyalala sunakwiriridwe, ndiye mwana wochiritsidwa ankabwerera kufumbi lomwe lija. Human Rights Watch inalemba zimenezi mu 2019, ndipo mu 2022 nthumwi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu ndi chilengedwe inatchula Kabwe pakati pa malo amene anthu ake aperekedwa nsembe chifukwa cha phindu la ena.

Mu Okutobala 2020 maloya a Mbuyisa Moleele ndi Leigh Day anakasuma Anglo American South Africa ku khoti lalikulu la ku Johannesburg, m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000. Kampaniyo imakana mlandu, ikunena kuti inali ndi masheya ochepa, siinali mwini kapena woyendetsa mgodi, ndipo udindo unagwera ZCCM. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Zimandipweteka kuti amayi a ku Makululu anakafuna chilungamo kwa oweruza a dziko lina, pamene ku Manda Hill, ulendo wa maola ochepa pa msewu wa Great North, ali ndi aphungu oimira tauni yawo, ndi Nyumba yonse imene imavomereza bajeti chaka ndi chaka.

Khoti la ku South Africa likhoza kuweruza za zaka za 1925 mpaka 1974. Za lero silingazifike. Boma la Hakainde Hichilema linakhazikitsa unduna wa zachilengedwe mu 2021, ndipo mu 2022 linalankhula zokhazikitsa komiti ya akatswiri yokonza dongosolo loyeretsera Kabwe. Ili ndi lonjezo la boma, la mtundu womwewo umene komiti yolondola malonjezo inapangidwira. Pa nthawi yomweyo makampani akupitiriza kugaya zinyalala za mgodi pofuna zinki ndi mtovu, ndipo lipoti la Human Rights Watch la mu 2025 linafotokoza za magalimoto onyamula dothi la pamulupo n'kukalitula m'malo osiyanasiyana m'tauni, pafupi ndi nyumba za anthu. Ziphaso za ntchito imeneyi zimasainidwa ku Lusaka, ku unduna wa zamigodi ndi ku bungwe la ZEMA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Phungu aliyense ali ndi ufulu wolemba funso lofuna maina a makampaniwo, zomwe analonjeza polandira ziphaso, tsiku limene oyendera anafikako komaliza, ndi ndalama zomwe zaikidwa mu bajeti zokwirira mulu uja. Nduna ikayankha mozemba, malamulo a Nyumba amalola mafunso otsatira pompo, ndipo komiti ikhoza kupita ku Kasanda kukaona yokha, n'kuitananso mlembi wamkulu wa unduna chaka chotsatira ndi yankho lake lakale lili patebulo.