DDT, 619 ndi German Suplex: Maina a mu Wrestling Anachokera Kuti?

Mwana wa ku Chamboli amene sanakwerepo ndeke amadziwa nambala ya foni ya mzinda wa San Diego ku America. Amaikuwa pabwalo akamasewera ndi anzake: 619! Iye sadziwa kuti ndi nambala ya foni, amangodziwa kuti ndi kamenyedwe ka Rey Mysterio. Maina ambiri a mu wrestling ali choncho. Timawatchula tsiku lililonse, koma kumbuyo kwake kuli mbiri ya nchito, ya malo ndi ya anthu.

Tiyambe ndi migodi, popeza ndiyo inabala Chamboli ndi Wusakile. Masewera ogwetsana amene timaonera pa TV lero ali ndi mizu yake ku Lancashire, kumpoto kwa England, kumene anthu okumba malasha anali kugwetsana akaweruka. Kagwetsedwe kao anakatcha catch-as-catch-can, kutanthauza kuti gwira paliponse pamene ungagwire. Liwu la catch linalowa m'Chifalansa, ndipo nchifukwa chake anansi athu a ku Lubumbashi ndi ku Kinshasa mpaka lero masewerawa amawatcha catch.

Mumzinda wa migodi wa Wigan munali malo ophunzirira a Billy Riley, otchedwa Snake Pit. Kumeneko kunaphunzira Karl Istaz, wobadwira ku Antwerp m'dziko la Belgium mu 1924. Anatenga dzina lakuti Karl Gotch, ndipo okonza masewera anali kumulengeza ngati Mjeremani. Kagwetsedwe kake kogwira mnzake m'chiuno cha kumbuyo nkumuponya chagada kanatchuka kwambiri ku Japan, ndipo dzina linakhala German suplex. Liwu la suplex lenilenilo linachokera ku Chifalansa, souplesse, kutanthauza kufewa kwa thupi. Ndiye kuti dzina limodzi lanyamula maiko anayi kapena asanu.

Irish whip, kuja kokoka mnzako dzanja nkumukankhira ku zingwe, inatchukira pa Danno O'Mahony wa ku Cork m'dziko la Ireland, amene anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 1935. Hurricanrana inachokera ku Mexico: Huracán Ramírez anali wogwetsana wovala chigoba kumaso, ndipo rana m'Chisipanishi ndi chule.

Maina ena anatengedwa ku nchito za manja. Clothesline ndi chingwe choyanikapo zovala, chija chimakukola pakhosi ukamathamanga kuseri kwa nyumba usiku. Lariat ya Stan Hansen ndi chingwe chimene abusa a ng'ombe a ku Texas amakolera nacho ng'ombe. Piledriver ndi chimakina chokhomera mizati pansi pomanga milatho, ndipo amene anaitchukitsa ndi Wild Bill Longson m'zaka za m'ma 1940. Mzati umene ukukhomedwawo ndi mutu wa munthu. Undertaker, amene anaonekera koyamba mu WWF mu 1990, anaitchukitsanso ndi dzina loyenera munthu wa kumanda: Tombstone, mwala wa pachiliza.

Dzina limene ife a ku Copperbelt tiyenera kulimva bwino kuposa onse ndi DDT. Jake "The Snake" Roberts amakamba kuti anaitulukira mwangozi, pamene anagwa chagada atapanira mutu wa mnzake m'khwapa. Dzina analitenga ku mankhwala ophera tizilombo. America inaletsa DDT pa ulimi mu 1972, ndipo kwa anthu a kumeneko zilembo zitatuzo zinali kumveka ngati poizoni basi. Kuno kwathu ndi mankhwala opopera m'zipupa kupha udzudzu. Mu 2000 kampani ya Konkola Copper Mines inayambanso kupopera DDT m'nyumba za ku Chingola ndi Chililabombwe pofuna kuchepetsa malungo. Agogo akamva DDT amakumbukira fungo la m'nyumba, mdzukulu amakumbukira mutu ukugunda pansi.

Masiku ano maina ambiri ndi malonda. RKO ndi zilembo zoyamba za Randy Keith Orton. F-5 ya Brock Lesnar inatengedwa pa muyeso wa Fujita woyezera mphamvu ya kamvuluvulu, ndipo F5 ndiye woopsa kuposa onse. John Cena, pomunyoza Lesnar mu 2003, anatcha yake FU, kumene kuli kutukwana. WWE itaganiza zokopa ana ndi makolo ao, dzinalo linasinthidwa mu 2009 kukhala Attitude Adjustment. Kagwetsedwe ndi komweko, chinasintha ndi msika.

Luso lopatsa maina lotere si lachilendo kwa ife. Godfrey Chitalu wa ku Luanshya, amene anagoletsa zigoli 107 mu 1972, anatchedwa Ucar, dzina la mabatire osatha msanga. Lottie Mwale, mwana wa ku Kitwe amene anatenga lamba wa nkhonya wa Commonwealth mu 1979, anali Gunduzani. Dzina labwino limakuuza zimene munthu amachita usanamuone.

Apa ndiye pali nkhani imene tiyenera kuuza ang'ono athu. Zotsatira za masewera a WWE zimakonzedweratu, ndipo ogwetsanawo amaphunzira zaka zambiri kugwa mosavulala, pabwalo la matabwa loyalidwa zofewa. Ngakhale zili choncho, pa SummerSlam ya 1997 Owen Hart analakwitsa piledriver, mutu wa Steve Austin unagunda pansi, ndipo kwa kanthawi Austin anafa ziwalo. Khosi lake silinabwererenso mwakale, ndipo anasiya masewerawa mu 2003 ali ndi zaka 38 chabe. Patapita zaka zochepa ngoziyo itachitika, kampaniyo inaletsa piledriver kwa onse kupatula akatswiri ochepa monga Undertaker ndi Kane.

Pabwalo la sukulu kapena pamsewu wa mukomboni palibe zofewa, pali dothi louma ndi miyala. Amene anatcha maina awa sanabise kanthu: poizoni, chimakina chokhomera mizati, mwala wa pamanda. Mukaona mng'ono wanu wanyamula mnzake mutu pansi miyendo m'mwamba akukuwa Tombstone, muimitseni, ndipo mumuuze tanthauzo la dzinalo m'Chinyanja.