Mzinda Umene Unatsata Njanji

Mutare ndi mzinda umene unasamuka kawiri usanakwanitse zaka khumi. Azungu a kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, anamanga linga lawo loyamba pafupi ndi Penhalonga m'chaka cha 1890. Chaka chotsatira anasunthira pamalo pamene lero timati Old Mutare. Kenaka zinadziwika kuti njanji yochokera kudoko la Beira singathe kukwera mapiri a Christmas Pass kuti ikafike kumeneko, ndipo Rhodes anaona kuti n'chapafupi kunyamula tauni kusiyana ndi kukhotetsa njanji. M'zaka za 1896 ndi 1897 anthu anagumula nyumba zawo, nakweza malata ndi zitseko pangolo za ng'ombe, n'kudzamanganso tsidya lino la phiri. Sitima yoyamba inafika mu February 1898. Zotsala ku Old Mutare zinaperekedwa kwa Bishopu Joseph Hartzell wa mpingo wa Methodist, ndipo kumeneko n'kumene mu 1992 kunatsegulidwa Africa University.

Nkhani imeneyi ndimaifotokoza kawirikawiri chifukwa ntchito yanga ndi yoperekeza alendo odzaona malo. Ndinabadwira ku Sakubva muno mu Mutare, koma agogo anga aamuna anachokera ku Ntcheu, ndipo m'nyumba mwathu tinkalankhula Chichewa. Ulendo umene ndimaukonda koposa umayambira ku Blantyre, kudutsa pa Mwanza ndi Zobue kukafika ku Tete, kutsika ndi msewu wa Catandica mpaka ku Mutare, kenaka kukathera ku Chimoio ndi Beira. Ndi mayiko atatu, ndipo pachipata chilichonse mbiri imene alendo amauzidwa imasintha pamodzi ndi chidindo cha m'pasipoti. Chimene ndaphunzira pamsewu umenewu n'chakuti palibe mzinda ndi umodzi womwe umene ungamveke pawokha, komanso kuti anthu amene anailumikiza ndi mapazi awo sapezeka m'timabuku ta zokopa alendo.

Ku Blantyre alendo amaonetsedwa Mandala House, nyumba ya African Lakes ya mu 1882, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene David Clement Scott ndi amisiri achikuda anamanga pakati pa 1888 ndi 1891. Zonsezo n'zoyenera kuziona. Koma ine ndimawonjezera nkhani ya msonkho wa nyumba umene atsamunda anayambitsa m'zaka za m'ma 1890, ndi thangata wa m'minda ya azungu. Msonkho unkafuna ndalama, pamene ndalama zinali kutali, kumigodi ndi kumafamu a kum'mwera. Komiti ya boma la Nyasaland imene inafufuza za anthu opita kunja mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Ena ankabwerera ndi njinga ndi bulangete. Ena anachona. Dzina la mzindawo linawatsatira, moti mpaka lero ku Zimbabwe anthu ochokera ku Malawi amatchedwa Mabhurandaya, ngakhale amene Blantyre sanamuonepo n'komwe.

Tete amalonjera mlendo ndi kutentha. Apwitikizi anakhazikika pamenepa m'zaka za m'ma 1530, kotero mzindawu ndi wamkulu kwa Blantyre ndi Mutare ndi zaka zoposa 300. Tikaima pamlatho wa Samora Machel, umene unatha mu 1973, ndimawauza alendo kuti Zambezi sanakhalepo mpanda kwa makolo athu. Mu 1608 Muzura, mfumu ya Amaravi, anatumiza ankhondo ake tsidya lina kukathandiza Gatsi Rusere, mfumu ya Mutapa. Mu 1856 David Livingstone anasiya Amakololo amene ankayenda nawo mu Tete momwemu, ndipo ena mwa Amakololo amene anayendapo naye, monga Kasisi ndi Chipatula, anadzakhala mafumu kuchigwa cha Shire. Pambuyo pake panadutsa anyamata a ku Nyasaland, wapansi, mtolo kumutu, akulondola njira ya ku Mutoko ndi Salisbury kapena ya ku Penhalonga. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linaika malole owanyamula osalipira, amene anthu anawatcha Ulere. Dzinalo linali lokoma, koma amene ankapindula kwenikweni ndi eni migodi ndi eni fodya, chifukwa wantchito ankafika msanga ndipo ankalandira zochepa.

Msewu wochoka ku Tete kutsika kum'mwera umadutsa m'dziko la Abarwe. Alendo ambiri amagona m'galimoto pamenepa, koma ine ndimawadzutsa. Apwitikizi atayamba kulambula msewu wa Tete kupita ku Macequece, ankagwira anthu mokakamiza kuti agwire ntchitoyo, ndipo nkhanza zimenezo ndi zina mwa zimene zinabutsa nkhondo ya Makombe mu 1917. Atagonja, Abarwe ambiri anathawira ku Nyanga. Tauni ya Catandica kale inkatchedwa Vila Gouveia, pokumbukira Manuel António de Sousa, mwini asilikali ambiri amene anthu ankamutcha Gouveia. Munthu ameneyu ndiye amatilowetsa mu mbiri ya Mutare. Mu September 1890 nthumwi za Rhodes zinapangana ndi Mfumu Mutasa ya Amanyika. Apwitikizi anati dzikolo ndi lawo kale. Mu November chaka chomwecho Gouveia ndi Paiva de Andrada anapita kumudzi wa Mutasa, ndipo Patrick Forbes anawamanga komweko. Mu May 1891 mbali ziwirizi zinawomberana ku Macequece, ndipo pa 11 June 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dziko.

Chipata cholowera mu Mutare kuchokera ku Machipanda chimatchedwa Forbes mpaka lero. Tikakhala pamzere wodinditsa mapasipoti, ndimakumbutsa alendo kuti pangano lomwelo la 1891 ndi limenenso linalemba malire a Malawi ndi Mozambique, amene analekanitsa Achewa ndi Angoni a ku Dedza ndi Ntcheu ndi abale awo a ku Angonia. Amene anagulapo mbatata pa Lizulu amadziwa kuti pamenepo kuwoloka msewu ndi kulowa dziko lina. Cholembera chimodzi chinadula Amanyika kuno ndi Achewa uko, ndipo palibe mfumu ya anthu awiriwa imene inaitanidwa.

Mu Mutare muli malo amene mlendo aliyense amapitako: nyumba yosungiramo zakale yokhala ndi magalimoto amakedzana, Utopia House ya banja la Fairbridge, ndi Cross Kopje, phiri lokhala ndi mtanda wokumbukira asilikali achikuda amene anafera ku East Africa pankhondo yoyamba ya dziko lonse. Pamtanda pamenepo ndimatchula chipilala cha King's African Rifles cha ku Zomba ndi amtengatenga amene anafa ndi njala ndi matenda pankhondo yomweyo, nkhondo imene John Chilembwe anaidandaula asanaukire boma mu 1915. Tikatsika, ndimawatengera ku Sakubva, kumene atsamunda anaika anthu akuda kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ndiponso kumakomboni a ku Penhalonga. Kumeneko kulibe chikwangwani chofotokoza mbiri. Kuli mizikiti imene Ayao anayambitsa, mabungwe othandizana pamaliro, ndi gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure. Kuli nkhalamba zimene zimati ukazilonjera kuti "Muli bwanji, agogo?" zimayamba zakuyang'anitsitsa, kenaka n'kufunsa kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani.

Funso limenelo lili ndi kulemera kwake kuno. M'chaka cha 2000 Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare, ambiri mwa iwo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, kuti ndi anthu opanda mfunda. Ankanena za a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe. M'chaka chomwecho mafamu a azungu anayamba kulandidwa, ndipo antchito ambiri a m'mafamumo, amene analibe mudzi woti abwerereko, anasowa pogwira. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, n'kulamula kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane motsata malamulo a dzikolo. Anthu obadwira ku Sakubva, amene Malawi ankangomumva m'nthano za agogo, anapezeka kuti ndi alendo ndipo sangavote. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera kudziko la SADC, ndiponso anaika Chichewa ndi Chibarwe pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Papepala nkhaniyo inatha, koma alipo ambiri amene akuvutikabe kupeza chitupa chifukwa makolo awo anamwalira opanda chikalata chilichonse.

Kuchoka ku Mutare kupita ku Beira ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300, ndipo msewu umayenda moyandikana ndi njanji ija inasamutsa mzinda. Ku Chimoio, kumene kale kunkatchedwa Vila Pery, timaima pamanda a anthu amene asilikali a Rhodesia anapha pamsasa wa ZANU mu November 1977, patapita nthawi yoposa chaka Samora Machel atatseka malire mu March 1976. Pa Dondo njanji ya ku Zimbabwe imakumana ndi ina yochokera kumpoto. Imeneyo ndi ya Trans-Zambezia, imene inatsegulidwa mu 1922, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unailumikiza ndi njanji ya ku Nsanje ndi Blantyre. Ngongole ya ntchito imeneyo inalemera pamsana pa Nyasaland kwa zaka zambiri, dziko limene anthu ake anali kale paulendo wokasaka ndalama ya msonkho. Tiyi wa ku Thyolo ndi fodya wa ku Rhodesia ankakumana padoko limodzi, atadutsa m'manja mwa anthu a mudzi umodzi.

Ku Beira alendo amakonda kujambula Grande Hotel, imene inatsekedwa mu 1963 ndipo tsopano mumakhala mabanja ambirimbiri. Ine ndimawaonetsanso zipsera za namondwe wa Idai, amene anaomba mzindawu mu March 2019. Mvula yake inali itamiza kale midzi ku Nsanje ndi Chikwawa, ndipo atachoka ku Beira anakagumula mapiri a Chimanimani, kum'mwera kwa Mutare. Maliro anali m'mayiko atatu mwezi umodzi.

Nyumba za njerwa zidzakhalapobe, chifukwa zili ndi mabungwe ozisamala. Chimene chikutha ndi anthu amene anakwera Ulere kapena kulembedwa ndi Mthandizi, amene akudziwa mayina a madooko ndi malo ogona a panjira. Chaka chilichonse timaika ena m'manda, ndipo zidzukulu zawo zambiri zimamva Chichewa koma zimayankha m'Chishona. Amene mukukonza ulendo wa mizinda imeneyi, patulani tsiku limodzi la ku Sakubva kapena ku Penhalonga. Tengani shuga ndi sopo monga achitira munthu wokaona akuluakulu, mukhale pansi, muwafunse kumene anawolokera Zambezi ndi chaka chake, ndipo mulembe zimene akuuzeni.