Mbiri ya Kuyeza Mahomoni a Mimba ndi Nkhani ya Kupita Padera

Ntchito yoyeza mimba mu labotale inayambira pa chipatala cha Charité mumzinda wa Berlin. M'chaka cha 1927 madokotala awiri, Selmar Aschheim ndi Bernhard Zondek, anapeza kuti mumkodzo wa mayi woyembekezera mumakhala homoni yapadera, yomwe lero imatchedwa hCG. Popeza panalibe chipangizo choiyezera, ankabaya mkodzowo tiana ta mbewa tatikazi kwa masiku angapo, kenako n'kutipha kuti aone ngati timatumba ta mazira tatupa ndi kuonetsa madontho a magazi. Mu 1931 Maurice Friedman wa ku Philadelphia anayamba kugwiritsa ntchito akalulu, omwenso ankaphedwa.

Njira yosapha nyama inachokera ku Cape Town, kumene Lancelot Hogben, ndipo pambuyo pake Hillel Shapiro ndi Harry Zwarenstein, ankafufuza chule wa m'maiwe a kummwera kwa Africa wotchedwa Xenopus laevis. Chule wamkazi ankabayidwa mkodzo pamsana madzulo n'kuikidwa m'botolo la madzi. Kukacha, ngati mayiyo ali ndi pakati, pansi pa botolopo pankakhala timazira mbwee. Chuleyo ankapumula milungu ingapo n'kudzagwiranso ntchito. Achule ochuluka zedi anatumizidwa ku Ulaya ndi ku America mpaka m'ma 1960, pamene kunabwera njira zoyezera zosafuna nyama.

M'zaka zomwezo George Corner ndi Willard Allen a ku Rochester anasonyeza mu 1929 kuti thumba la mazira limatulutsa homoni ina yosunga mimba m'chiberekero, imene inadzatchedwa progesterone. Madokotala anaona kuti amayi ambiri opita padera amakhala ndi mahomoni ochepa, ndipo anaganiza kuti kuchepako ndiye gwero la vuto. Apa ndi pamene panagona ngozi. Nthawi zambiri mahomoni amatsika chifukwa mluza wasiya kale kukula. Kutsikako kumakhala chizindikiro chabe. Pafupifupi theka la mimba zochoka m'miyezi itatu yoyamba zimachoka chifukwa cha vuto la makromozomu lomwe linachitika pomwe mluza unkapangika, ndipo mayi sanalakwepo kanthu.

Kusokoneza chizindikiro ndi gwero kunapweteketsa anthu. M'ma 1940 George ndi Olive Smith a ku Boston analimbikitsa mankhwala otchedwa DES poganiza kuti athandiza thupi kupanga progesterone yambiri. Mu 1953 William Dieckmann wa ku Chicago anayesa mankhwalawa pa amayi oposa 1,600 n'kupeza kuti sateteza mimba ngakhale pang'ono. Chomvetsa chisoni n'chakuti madokotala anapitirizabe kuwapereka kwa zaka zina 18. Ku America anadzasiya mu 1971, Arthur Herbst ndi anzake atapeza khansa yosowa ya njira yoberekera mwa atsikana asanu ndi atatu, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo amayi awo anamwa DES ali oyembekezera.

Kuyeza kolondola kunayamba mu 1972, pamene Judith Vaitukaitis ndi anzake ku America anapeza njira yosiyanitsira hCG ndi mahomoni ena ofanana nayo, ngakhale ikhale yochepa kwambiri m'magazi. Njirayi inaulula zimene zinkabisika kuyambira kalekale. Mu 1988 Allen Wilcox ndi anzake anafalitsa zotsatira za amayi 221 omwe ankasunga mkodzo wa m'mawa tsiku ndi tsiku pofuna kutenga pakati. Mwa mimba 198 zimene zinapezeka, 31 pa 100 zilizonse zinachoka, ndipo zambiri mwa izo zinachoka msanga kwambiri moti mayi akanangoti msambo wabwera kapena wachedwa pang'ono.

Funso la progesterone linayankhidwa mochedwa. Kafukufuku wa PRISM wa mu 2019, wotsogozedwa ndi Arri Coomarasamy wa ku Birmingham, anakhudza amayi 4,153 omwe ankataya magazi mimba ili yaing'ono. Atawawerengera onse pamodzi, kusiyana kunali kochepa, koma phindu linaoneka mwa amayi amene anapitapo padera m'mbuyomu. Potengera zimenezi, mu 2021 bungwe la NICE la ku Britain linalangiza kuti amayi a gulu limeneli azipatsidwa progesterone mpaka milungu 16, sikani ikatsimikiza kuti mimba ili m'chiberekero.

Masiku ano dokotala sagamula potengera nambala imodzi ya hCG, chifukwa mlingo wake umasiyana kwambiri pakati pa amayi athanzi. Amayeza magazi kawiri, motalikirana maola 48. Kumayambiriro kwa mimba yoyenda bwino homoniyi imakwera msanga, kawirikawiri kuwirikiza kawiri m'masiku awiri kapena atatu. Ikamatsika, nthawi zambiri mimba ikuchoka. Ikamakwera mwapang'onopang'ono, amaunika ndi sikani kuti aone ngati mluza sunakhale kunja kwa chiberekero, vuto lofuna chithandizo chachangu.