Makompyuta akasemphana pa mndandanda

Pulogalamu ya kompyuta ikafuna kupempha uthenga kwa inzake kudzera pa intaneti, imatsatira chikalata chofotokoza zomwe ingafunse ndi maonekedwe a yankho lake. Chimodzi mwa zinenero zolembera chikalatachi ndi WSDL, chomwe bungwe la W3C lidasindikiza mu 2001.

Kusamvana kudabuka pa mndandanda wa zinthu za mtundu umodzi, womwe akatswiri amautcha array. Padali njira ziwiri zoulembera. Yoyamba, yobwereka ku SOAP, imalengeza mtundu ndi chiwerengero cha zomwe zili m'kati; yachiwiri imangoti chinthu chikhoza kubwerezedwa kangapo. Mapulogalamu a Java ndi a .NET ya Microsoft sankamasulira njira yoyambayo mofanana, motero mu 2004 bungwe la WS-I lidailetsa m'malamulo ake otchedwa Basic Profile 1.0.

Njira yotsalayo nayo ili ndi msampha. Mndandanda ukakhala ndi chinthu chimodzi, mapulogalamu ena, monga olembedwa mu PHP, amauwerenga ngati chinthu chokha, osati mndandanda. Choopsa kwambiri nchakuti mndandanda wopanda kanthu ndi mndandanda womwe sudatumizidwe n'komwe zimaoneka chimodzimodzi kwa wolandira.

Kuno kwathu funsoli likukhudza zaumoyo. Zipatala monga St Gabriel's ku Namitete ndi cha Kabudula zimapereka malipoti mwezi ndi mwezi ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe. Ziwerengero za odwala zimalowa mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku Yunivesite ya Oslo yomwe dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2012, pomwe za mankhwala zimalowa mu OpenLMIS. Mapulogalamuwa sadalira WSDL polankhulana, koma mbuna yake ndi yomweyo: DHIS2 siisunga ziro pokhapokha woikonza atailamula kutero.

Tsono malo osalembedwa angatanthauze zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Mwina mankhwala a malungo a LA atheratu m'nkhokwe ya chipatala, mwina lipoti lachedwa chifukwa msewu waterera ndi mvula. Ziro akasowa panjira pakati pa mapulogalamu awiri, wogawa mankhwala ku Lilongwe amaona bokosi lopanda kanthu, ndipo akhoza kudikira lipoti pomwe amayenera kutumiza galimoto.