Nyundo ya Thor ndi alembi amene anaigwira

Thor wa kampani ya Marvel anaonekera koyamba mu Ogasiti 1962, m'kope la nambala 83 la magazini ya nthano za zithunzi ya ku New York yotchedwa Journey into Mystery. Kupatula zaka zochepa zimene inayamba yaima, nkhani yake yakhala ikutuluka mwezi ndi mwezi kwa zaka zoposa 60, ndipo yadutsa m'manja mwa alembi ambiri. Onsewo anakumana ndi vuto limodzi: mulungu wosaopa imfa, wamphamvu kuposa adani ake ambiri, angamukhudze bwanji mtima wowerenga? Mmene mlembi aliyense anayankhira funso limeneli ndi pamene pagona kusiyana kwawo.

Gwero la nthanozi ndi chipembedzo chakale cha anthu a ku Scandinavia, chimene zambiri zake zinasungidwa ku Iceland m'mabuku otchedwa Edda. Limodzi mwa mabukuwa analilemba Snorri Sturluson cha m'ma 1220. M'menemo Thor ndi mulungu wa bingu, wa ndevu zofiira, wamtima wapachala, wodya ngati moto wolusa. Loki, mulungu wachinyengo, si m'bale wake ayi. A ku Marvel ndiwo anamupatsa Thor tsitsi lagolide, kumumeta ndevu, n'kusandutsa Loki mwana woleredwa m'nyumba ya Odin, atate a Thor. Anawonjezanso lamulo limene m'nthano zakale mulibe, loti nyundo ya Mjolnir ainyamula yekhayo amene ali woyenera. Lamulo limeneli ndilo linadzakhala mzati wa nkhani yonse.

Oyambitsa anali atatu: Stan Lee, mng'ono wake Larry Lieber amene analemba mawu a makope oyamba, ndi wojambula Jack Kirby. Chiyambi chinali chosavuta. Dokotala wotsimphina, Donald Blake, ali paulendo ku Norway, athawira m'phanga, atola ndodo, aimenyetsa pamwala, ndipo ndodoyo isanduka nyundo, iye n'kukhala Thor. Makope oyambawo sanali osiyana kwenikweni ndi nkhani za ngwazi zina za nthawiyo. Zinthu zinasintha mu 1963, pamene kumapeto kwa kope lililonse kunayamba kukhala kankhani ka masamba ochepa kotchedwa Tales of Asgard. Apa m'pamene Kirby anatambasula mapiko. Anajambula Asgard, mzinda wa milungu wokhala ndi mlatho wa utawaleza, zipewa zankhondo zazitali kuposa mitu ya ozivala, makina osadziwika ntchito yake oyandikana ndi malupanga ndi akavalo. Mu 1966, kuyambira nambala 126, magaziniyo inangotchedwa Thor.

Kunena kuti mlembi wa nyengo imeneyi anali ndani n'kovuta. Ku Marvel masiku amenewo wojambula ankatenga mfundo yaifupi, nthawi zina yongokambirana pakamwa, n'kukaikonza yekha tsamba ndi tsamba, kenako Lee n'kuikapo mawu. Choncho zambiri zimene zinabadwa m'zaka zimenezi, monga ankhondo atatu Volstagg, Fandral ndi Hogun, dziko lamoyo lotchedwa Ego, ndi chilombo Mangog, zili ndi chidindo cha Kirby. Gawo la Lee silochepa: ndiye anapatsa milunguyi kalankhulidwe kake kaulemu, ka Chingerezi chachikale, ndiponso anakometsa mikangano ya Odin ndi mwana wake pa nkhani ya namwino Jane Foster. Mu 1968 awiriwa anaulula kuti Blake sanali munthu wamba amene anachita mwayi: Odin ndiye anatsekera mwana wake m'thupi lolumala kuti aphunzire kudzichepetsa. Yankho lawo pa funso lija linali limenelo, kumumanga mulunguyo m'thupi lofooka. Kirby anachoka mu 1970 kupita ku kampani ya DC, kumene anakalenga milungu yake yatsopano.

Zaka khumi ndi zitatu zotsatira zinali zosunga cholowa. Gerry Conway ndi Len Wein anayenda m'mapazi a amene anawatsogolera, John Buscema akujambula mwaluso. Roy Thomas, munthu wokonda kufukula mabuku akale, anayesa kugwirizanitsa Thor wa Marvel ndi wa m'nthano zenizeni, mpaka anabweretsamo nkhani ya mphete imene Richard Wagner anaiyika m'nyimbo. Ntchito yake inali yakhama, koma nthawi zambiri wowerenga amamva kuti akufotokozeredwa, osati kusimbidwira.

Mu Novembala 1983 munatuluka nambala 337, yolembedwa ndi kujambulidwa ndi Walter Simonson. Pachikuto panali cholengedwa cha nkhope ngati ya kavalo, chitavala zovala za Thor, chikuphwanya ndi nyundo dzina la magaziniyo. Ameneyu anali Beta Ray Bill, mlonda wa mtundu wa anthu a kudziko lina amene ankathawa chiwonongeko ali m'tulo m'zombo zawo. Simonson anatenga lamulo la nyundo monga momwe lilili: ngati chofunika ndi kuyenera, ndiye kuti mlendo wa nkhope yoopsa akhoza kuinyamula. Bill anainyamuladi. Odin atawapikisanitsa, Bill anapambana, koma anapulumutsa moyo wa mnzakeyo, ndipo anasuliridwa nyundo yakeyake yotchedwa Stormbreaker. M'makope anayi okha Simonson anali atachotsamo Donald Blake, ndodo imene alembi anatsamira kwa zaka 20.

Luso lake lalikulu linali kudekha. Kwa miyezi yambiri ankaika tsamba limodzi kapena kachigawo kosonyeza chimphona cha moto chikusula lupanga kutali, kulira kwa chitsulo kutalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu za John Workman. Wowerenga sankauzidwa zambiri. Ankangomva kuti chinachake chikubwera. Chimphonacho chinali Surtur, ndipo atafika, Odin, Thor ndi Loki anaima pamodzi kuteteza Asgard, aliyense pa chifukwa chake, mpaka Odin anagwera kuphompho limodzi ndi mdaniyo.

Komabe tsamba limene anthu amalikumbukira koposa silikhudza Thor. Mu nambala 362, ya mu 1985, Thor ndi ankhondo ake akuthawa kudziko la akufa atalanditsa mizimu ya anthu imene inasungidwa kumeneko mosayenera. Pakufunika mmodzi wotsala pa mlatho wa Gjallerbru kuti atsekereze khamu lowalondola. Thor adzipereka, koma Skurge amukomola kuchokera kumbuyo n'kutenga malo ake. Skurge ameneyu kwa zaka zonse anali chigawenga cha nkhwangwa chimene mkazi wamatsenga Amora ankachikoka pamphuno, munthu wosekedwa ndi onse. Atsala yekha, mfuti za asilikali a ku America zili m'manja, ndipo zipolopolo zitatha amenya ndi mfuti zomwezo, osasuntha. Simonson ajambula chithunzi chake chikuzilala pang'onopang'ono mpaka tsamba liyera. Mlembi yemweyo, patangopita miyezi iwiri, anasandutsa Thor chule womenya nkhondo ndi makoswe m'paki ya ku New York, ndipo nkhaniyo anaisimba ndi mtima wonse ngati ina iliyonse. Chakumapeto Hela, mfumukazi ya dziko la akufa, anatemberera Thor kuti mafupa ake azithyoka osapola, koma asafe. Ndi thupi lophwanyikalo anakamenyana ndi chinjoka chozinga dziko mu nambala 380, momwe tsamba lililonse ndi chithunzi chimodzi chachikulu. Simonson anamaliza mu 1987 pa nambala 382, Sal Buscema atamuthandiza kujambula makope ambiri omaliza.

Tom DeFalco ndi Ron Frenz anabwezera nkhaniyo ku kakomedwe ka masiku a Kirby, n'kupereka nyundo kwa munthu wamba, Eric Masterson. Dan Jurgens, kuyambira 1998 mpaka 2004, anayamba mwachizolowezi, koma kenako anafunsa funso lolemera: Odin atamwalira, Thor atalowa ufumu, n'chiyani chingachitike akaganiza zothetsa mavuto a anthu ndi mphamvu zake? Anathera pa kukhala wolamulira wankhanza amene nyundo yake yomwe inamukana. Michael Avon Oeming anatseka nyengoyi mu 2004 ndi chiwonongeko cha Asgard, ndipo magaziniyo inakhala chete zaka zitatu.

J. Michael Straczynski anaiukitsa mu 2007, Olivier Coipel akujambula. Anamanga Asgard pafupi ndi katauni ka Broxton ku Oklahoma, mzinda wa milungu ukuyandama pang'ono pamwamba pa munda. Kukoma kwa makope ake kuli m'tinthu ting'onoting'ono: milungu kupita kumsonkhano wa anthu a m'tauni, mnyamata wogwira ntchito m'nyumba yodyera kukondana ndi mulungu wamkazi Kelda. Nkhaniyo inkayenda pang'onopang'ono, ndipo iye anachoka mu 2009 isanafike kumene inkalowera. Amene anamaliza ndi Kieron Gillen, yemwe ntchito yake yabwino koposa, ya mu 2011 ndi 2012, inali ya Loki wobadwanso ngati mwana, woyesetsa kukhala wabwino pakati pa anthu amene sakumukhulupirira. Ikanakhala nkhani ya Thor mwini, bwenzi ikupikisana ndi zapamwamba.

Wopikisana weniweni ndi Simonson ndi Jason Aaron, amene analemba kuyambira 2012 mpaka 2019. Iye anatembenuza funso lija: m'malo mofunsa amene ali woyenera nyundo, anafunsa ngati milunguyo ili yoyenera mapemphero a anthu. Mdani wake woyamba, Gorr, anabadwira m'dziko la chilala, anataya mayi ake, mkazi ndi ana kumwamba kuli zii, ndipo atazindikira kuti milungu ilipodi koma sinalabadire, analumbira kuipha yonse. Ndi zithunzi za Esad Ribić, Aaron anasimba za Thor m'misinkhu itatu nthawi imodzi: mnyamata wamatama wa ku Iceland m'chaka cha 893, ngwazi ya lero, ndi mfumu yokalamba ya diso limodzi yotsala yokha kumapeto kwa nthawi. Mu 2014 Thor analephera kunyamula nyundo yake, chifukwa mumtima anali atavomereza kuti mlandu wa Gorr unali woona.

Amene anainyamula ndi Jane Foster, tsopano dokotala, akudwala khansa ya m'mawere. Apa Aaron anapeza mtengo wa ungwazi umene palibe anaupezapo: nthawi iliyonse Jane akasanduka Thor, mphamvuyo inkatsuka mankhwala m'thupi mwake n'kusiya matendawo. Russell Dauterman ankamujambula tsamba lina ali pampando wa kuchipatala, mutu uli mpala, tsamba lotsatira ali m'mitambo. Mu 2018, pofuna kugonjetsa Mangog, anamumangirira ku nyundoyo n'kuiponya m'dzuwa, akudziwa kuti akutaya chimene chinkamusunga. Filimu ya mu 2022, Thor: Love and Thunder, inatenga Gorr ndi Jane m'makope amenewa. Chofooka cha Aaron ndi kutalika: nkhondo yolimbana ndi mdani wina, Malekith, inakokedwa zaka zambiri, magaziniyo inayambidwanso kangapo ndi manambala atsopano, ndipo mfundo ya kusayenera inabwerezedwa mpaka kutha mchere. Pambuyo pake nyundo inapita kwa Donny Cates mu 2020 ndi Al Ewing mu 2023.

Poika onsewa pa sikelo, Kirby ndi Lee sangachotsedwe pamalo pawo, pakuti nyumba imene enawo anakhalamo anamanga ndi iwo, ngakhale makope awo ambiri amasangalatsa maso kuposa mtima. Aaron anafunsa funso lozama kuposa onse, ndipo makope ake khumi ndi limodzi oyamba, a nkhani ya Gorr, sagonjera aliyense. Koma amene anasunga zonse pamodzi, ukulu wa Kirby, fungo la nthano za ku Iceland, nthabwala ndi maliro, kwa zaka zinayi popanda kutsika, ndi Simonson. Mlembi wabwino koposa wa Thor ndi iyeyo, ndipo wofuna kudzionera yekha ayambire pa nambala 337.