Mtengo woti ndege yakale ioneke kumwamba

Piper J-3 Cub ndi kandege kachikasu ka anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, komwe kankapangidwa ku America kuyambira 1938 mpaka 1947. Thupi lake ndi timapaipi tachitsulo tokutidwa ndi nsalu. Geji ya mafuta ndi kawaya kotulukira pachivundikiro cha thanki, kobayidwa pa chinthu choyandama: kawayako kakamira, ndiye kuti mafuta atha. Kandegeka kanatuluka mufakitale kopanda batire, kopanda jenereta, kopanda sitata. Pofuna kuliza injini, munthu amaima kutsogolo n'kupukusa propela ndi manja, kenako n'kudumphira pambali msangamsanga.

Tindege totere tikuulukabe mpaka lero, ndipo eni ake akakhala pansi kuwerengera ndalama, funso lowazunguza mutu ndi lakuti agule zida ziti zoti anthu apansi aziwaona. Yankho lake likuchokera m'mbiri ya ngozi, chifukwa pafupifupi chida chilichonse chinalamulidwa anthu atafa kale.

Chida choyamba, transponder, chinabadwira kunkhondo. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, asilikali a ku Britain ankaona ndege pa rada koma osadziwa ngati ili yawo kapena ya adani, choncho anapanga kabokosi koyankha kokha rada ikakafunsa. Nkhondo itatha, maulendo a pandege anachuluka kuposa mmene owayang'anira akanathera. Pa 30 June 1956, ndege ziwiri zonyamula anthu zinawombana pamwamba pa Grand Canyon ndipo anthu 128 anafa. Mu 1958 boma la America linakhazikitsa bungwe loyang'anira za ndege lomwe lero limatchedwa FAA, ndipo kabokosi ka asilikali kaja kanayamba kulowa m'ndege za anthu wamba. Woyendetsa ndege amatchera manambala anayi: ku America 1200 ndi ya amene akuyenda modalira maso, pomwe 7700 ndi mfuu ya amene ali pamavuto.

Eni tindege ting'onoting'ono lamulo la transponder linawapeza mochedwerapo. Pa 31 August 1986, kandege ka mtundu wa Piper kanagunda ndege ya Aeroméxico pamwamba pa Cerritos, pafupi ndi Los Angeles. Anthu 82 anafa, 15 mwa iwo ali pansi kwawo. Kandegeko kanali ndi transponder, koma yosanena kutalika komwe kakuulukira. Pofika mu 1989, aliyense wouluka mkati mwa mamailosi 30 kuchokera pabwalo lalikulu la ndege anayenera kukhala ndi Mode C, yomwe imanena kutalikako.

Apa ndi pomwe Cub inapulumukira, ndipo inapulumuka chifukwa cha umphawi wake. Lamulo linasiya mpata kwa ndege zomwe zinavomerezedwa zilibe magetsi ndipo sizinaikidwepo magetsi chiyambire. Zoterezi zimaloledwa kudutsa mkati mwa dera lija popanda transponder, bola zisalowe mumlengalenga womwe ndege zikuluzikulu zimateramo ndi kunyamukamo. Koma mpatawu uli ndi msampha wake. Mwini Cub akatopa ndi kupukusa propela n'kuikitsa jenereta yoyendetsedwa ndi injini, ufulu uja watha pomwepo. Amene amaganiza kuti akungolipira sitata amapezeka akulipiranso transponder, kachida koyeza kutalika, mlongoti, ntchito ya makaniko wovomerezeka, ndiponso kuyezetsa transponder miyezi 24 iliyonse. Ndiye chifukwa chake ambiri amangonyamula wailesi ya m'manja ya mabatire n'kusiya ndegeyo mmene inalili.

Kenako kunabwera ADS-B, njira yoti ndege iziulutsa yokha malo omwe ili pogwiritsa ntchito GPS. Lamulo lake linatuluka mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2020. Eni ndege anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali lomveka, poti kwa ena mtengo wa zida ndi kuikitsa kwake unkadya gawo lalikulu la mtengo wa ndege yeniyeniyo. Mu 2016 FAA inayamba kubweza madola 500 kwa amene aikitsa. Chomwe chinathandiza kwambiri, kunena zoona, ndi mpikisano wa makampani: uAvionix inatulutsa skyBeacon, ya madola pafupifupi 2,000, yomwe imalowa m'malo mwa nyale ya kunsonga ya phiko. Komabe nayo imafuna magetsi ndi transponder yomwe ilipo kale. Ndege zopanda magetsi zinapatsidwanso mpata womwe uja.

Chida chomwe chimaiwalika kawirikawiri ndi ELT, kabokosi komwe kamadziyatsa kokha ndege ikagwa kuti ofufuza aipeze. Nyumba ya malamulo ya ku America inachilamula mu 1970, ndipo kufunika kwake kunaonekera poyera mu October 1972, pamene Cessna yonyamula aphungu Hale Boggs ndi Nick Begich inasowa ku Alaska. Anaifunafuna masiku 39 koma sinapezeke. Masetilaiti a Cospas-Sarsat anayamba kumvetsera zida zimenezi mu 1982, koma kuyambira pa 1 February 2009 anasiya kumva zakale za 121.5 MHz n'kutsala ndi za 406 MHz zokha. Ku America lamulo silinakakamize eni tindege kusintha, moti ambiri anasunga zakalezo kuti apulumutse ndalama. Pazifukwa zonse zochepetsera bajeti, ichi n'chovuta kuchiikira kumbuyo.

Amalawi nkhani ya ELT si yachilendo kwa iwo. Ndege ya asilikali ya Dornier 228 yomwe inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, n'kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri ofufuza ngozi a ku Germany anapeza kuti ELT ya m'ndegemo sinagwire ntchito, chifukwa batire yake inatha nthawi mu 2004.